Bokosi la aphungu ndinalibweza

Omvera anzanga, ine ndimathyola tiyi kuno ku Mulanje, chakufupi ndi Limbuli. Chiyambire matipate, dera lathu lasintha aphungu ndi zipani kangapo, koma onse amalonjeza chimodzi: mlatho pamtsinje wotilekanitsa ndi chipatala. Mpaka lero timawoloka titapinda mathalauza.

Dzinja lapitali mlongo wanga atayamba matenda a uchembere, tinamunyamula panjinga, koma tinapeza mtsinje utadzaza. Anatisiya pomwepo, chipatala tikuchiona tsidya.

Mawa lake galimoto ya aphungu inazungulira msewu wautali n'kufika pasiwa ndi bokosi. Mkulu wachipani anati, "Bwana akupepesa. Tsiku lovota mudzakumbukire amene wakuthandizani."

Ine monga mwinimbumba ndinaimirira. "Bambo, kwezani bokosi lanulo. Matabwa amenewa akanakhala pamtsinje, bwenzi mlongo wanga ali moyo."

Achibale ena anati ndawachititsa manyazi. Ndinazula zitseko za nyumba yanga, kalipentala n'kukhoma bokosi. Pakhomo ndinatchingapo chiguduli, ndipo sindidandaula.

Wofuna voti yanga abwere dzinja, adzawoloke mtsinjewo wapansi ngati ife.