Chitseko cha Chisenga

Mpundu anamulakwira Chisenga m'mwezi wa Juni chaka cha 1957, ku Kabwata mu Lusaka. Anamuzulira chitseko cha nyumba masanasana, mwini wake ali ku Cairo Road kupalasa njinga ya butchala, mkazi wake Eness ali kumpopi. Anachisenza pamutu nkukachigoneka pa njerwa m'tchalitchi chawo cha udzu kuti chikhale gome la Mgonero.

Gwero lake linali pakamwa pa Chisenga yemweyo. Lamulungu lina anaimirira pa nthawi ya umboni nkunena mokweza kuti zonse zimene ali nazo si zake, ndi za Ambuye. Anatero pofuna kuphimba John, khukhi wa mzungu wa ku Kabulonga, amene anali atangopereka nsalu yoyera ya pagome, amayi nkumuimbira nthungululu. Mpingo wonse unadziwa kuti amenewo ndi mawu a m'tchalitchi, othera pakhomo potuluka. Mpundu yekha, wosesa ndi woliza belu, ndiye anawatola nkupita nawo kunyumba.

Tsono Loweruka lina madzulo Chisenga anali pabwalo kumata chubu cha njinga, mtima uli pa mawu a kapitao wa komboni. Kapitaoyo anali atanena kuti Lolemba adzayendera nyumba, ndipo popeza zitseko ndi za khonsolo, nyumba yopanda chitseko adzaipereka kwa wina. Mpundu anafika, nkumudutsa mwini nyumba, kukaima pa chiguduli chimene chinkalendewera pakhomo. Anakweza chibakera nkuyamba kufunafuna pogogoda.

"Pano pavuta kugogoda, ba Chisenga."

"Ndili pano. Wabwera nacho?"

"Chani, mukwai?" anafunsa Mpundu, kumulemekeza m'chiyankhulo cha kwawo.

"Chitseko changa."

"Cha Ambuye chija? Chili bwino. Ndachitsuka ndi sopo m'mawa uno."

Chisenga anaika chubu pansi. Anamuuza, monga anali atamuuzira kambirimbiri, kuti iye sanapatsepo munthu chitseko, ndipo kwawo munthu wozula chitseko cha mnzake ali ndi dzina lake. Mpundu anavula chipewa, nkukhala pa chitini, nkubwereza umboni wonse uja osaphonya ngakhale pamene Chisenga anakhosomola.

"Munakamba nokha, mukwai. Anthu anayankha ameni."

"Anthu onse amanena zimenezo."

"Iyayi. Ba John anakamba kuti mtima wawo ndi wa Ambuye. Manje pa mtima sitingaikepo makapu."

"Ndiye unaona kuti chitsiru ndine."

"Ndinaona kuti wodala ndinu. Njinga ndinaisiya chifukwa ndi ya butchala. Bedi ndinaliyesa, likugwedezeka."

"Unalowa mpaka kuchipinda?"

"Panalibe chitseko, mukwai. Ndinali nditachotsa kale."

Apa Chisenga anayamba kumuwerengera mavuto. Anati mphepo ya Juni imalowa m'nyumbamo ngati mwini wake, moti tambala asanalire iye amakhala ali maso, mano akugundana. Mpundu anagwedeza mutu mokondwa. Anati zimenezo akuzidziwa, chifukwa popita kukaliza belu m'mamawa amadutsa pomwepo, ndipo tsiku lililonse amamva dzina la Mulungu likutchulidwa m'nyumbamo, chinthu chimene kale sichinkamveka.

"Ndimakhala ndikukutemberera iwe."

"Koma mumayamba ndi dzina la Mulungu."

"Kuti akukanthe."

"Ndi pemphero ndithu limenelo. Ena sadzuka n'komwe."

Chisenga anati agalu a m'komboni adya ndiwo zake kawiri. Mpundu anati nawonso ndi zolengedwa. Chisenga anati wakuba anatukula chiguduli nkutenga bulangete lake la ku Bulawayo, lofiira lija. Mpundu anayang'ana kumwamba nkunena kuti ndiye kuti penapake mu Lusaka muno muli munthu wosauka amene akugona mofunda chifukwa cha ba Chisenga, ndipo zotere kumwamba siziiwalika.

"Eness wapita kwa mkulu wake ku Matero. Akuti abwera chitseko chikabwera."

"Ndiye chifukwa chake."

"Chifukwa cha chiyani?"

"Anansi anu akuyamika. Akuti pakhomo pano pakhala mtendere, mbale siziulukanso."

Chisenga anamuyang'ana kumaso. Akanakhala kuti Mpundu akumuseka, akanamutchaya ndi pampu nkuthana nazo. Koma nkhope ya munthuyo inali yoyera ngati ya mwana wobatizidwa kumene. Wakuba weniweni ndi wabwinoko, chifukwa ukamukuwira amathawa. Uyu ukamukuwira amasendera pafupi kuti amve bwino.

Tsono anatsitsa mawu nkuyesa njira ina. Anamutchula kuti ba Mpundu, anamufunsa za ana, kenaka anamufotokozera za kapitao ndi za Lolemba. Anati sakupempha zambiri. Angobwereka chitsekocho tsiku limodzi, kapitao achione, adutse, Lachiwiri chibwerere kwa Ambuye.

"Kubwereka kwa ndani, mukwai?"

"Kwa Ambuye omwewo."

"Kuti tikanamize kapitao?"

"Kuti aone chitseko pa nyumba yake ya chitseko."

"Aone Lolemba, Lachiwiri palibe. Limenelo ndi bodza la matabwa, ba Chisenga. Ndiponso chinapemphereredwa."

Anafotokoza kuti mlaliki anachisanjika manja, akulu a mpingo atazungulira. Chinthu chotero sichingamenyetsedwe munthu akakwiya. Sichingapachikidwe buluku. Mowa wa ku holo sungadutsepo, ngakhale uli kale m'mimba mwa munthu. Ndipo choposa zonse, sichingatsekere munthu panja, chifukwa gome la Ambuye silikana mlendo. Chikabwera, chiyenera kukhala chotsegula usana ndi usiku.

"Chitseko chosatseka ndi cha ntchito yanji?"

"Ndiye mwaona, mukwai. Kuli bwino chikhale komwe chili."

"Chibwere chotsegula chomwecho. Kapitao sayesa kutseka."

Mpundu anazunguza chipewa m'manja. Anati pali kanthu kena kakang'ono. Chogwirira chija anachichotsa, chifukwa chinkagwetsa chikho. Ndiponso nsalu ya ba John inali yaifupi, matabwa ankaonekera kumapeto, ndiye iye anabwereka sowo kwa kalipentala.

"Unadula nsalu?"

"Nsalu ingatalike ndi sowo, mukwai?"

"Unadula chitseko changa."

"Pang'ono chabe. Kumunsi. Galu angadutse, koma munthu ayi. Kapena mwana."

Mphepo inatukula chiguduli nkuonetsa m'nyumba monse, bedi lopanda bulangete ndi mphika wovundikira ndi mwala. Chisenga anafunsa chimene Mpundu wadzera, popeza chitseko sanabwere nacho ndipo kupepesa sakudziwa kumene kumayambira. Mpundu anadzuka, nkupita pakhomo, nkusisita mphuthu za chitseko ndi chikhatho monga munthu wogula mbuzi.

"Njerwa zija zikupendama. Gome lifuna miyendo. Manje izi zangokhala, sizigwira kanthu."

Pampu imene Chisenga anaponya inamuphonya pang'ono, nkukagwera mu mbatata za mnansi. Mpundu anakaitola, anaipukuta pa malaya ake, nkuibweza ndi manja awiri.

Chisenga anati basi, akatenga yekha, usiku uno, ndipo woletsa aletse. Mpundu anati palibe woletsa, tchalitchi nacho chilibe chitseko. Kungoti mawa pa nthawi ya umboni ba Chisenga aimirire auze mpingo kuti tsiku lija analakwitsa, zonse ndi za Ambuye kupatula chitseko. Anthu adzamva, palibe mlandu.

"Ine sindinalakwitse kanthu."

"Ndiye ndi cha Ambuye."

"Ndi changa."

"Ndiye munalakwitsa."

"Ndati sindinalakwitse."

Anazungulira pamenepo mpaka dzuwa linapendeka, wina osasuntha, wina osatopa. Potsiriza Mpundu anapumira m'mwamba, misozi ili m'maso. Anati iye safuna kuti mbale wake agone panja chifukwa cha iye. Ngati zafika pamenepa, chitseko achibweza lero lomwe, ndipo kumunsi akhomerako thabwa, kapitao sadzazindikira. Mpingo suvutika. Mzungu wa ba John akusamukira ku Salisbury, ndipo wawasiyira tebulo lenileni, la miyendo inayi, lopaka vanishi, loti munthu nkudziona nkhope. Ba John akhala akupempha kuti alibweretse, koma iye Mpundu ndiye amawakaniza.

"Umawakaniza chifukwa chiyani?"

"Chifukwa cha dzina lanu, mukwai."

"Dzina langa latani?"

Chisenga anali asanapondeko kutchalitchi chichokereni chitseko, ndiye zimenezi sankazidziwa. Mpundu anamuuza kuti Lamulungu lililonse mlaliki amagogoda pa gome lija nkunena kuti m'Kabwata monse muli munthu mmodzi yekha amene akugona pamphepo chifukwa cha Ambuye. Anati amayi a ku Chilenje amabwera kudzatukula nsalu kuti aone matabwa ake. Anati mayi wina wabatiza mwana wake dzina loti Chisenga.

"Mwana wamwamuna?"

"Wonenepa bwino."

"Nanga John amati chiyani?"

"Amayang'ana pansi. Sabata yatha anatuluka nyimbo isanathe."

Chisenga anatola chubu chija nkuchiyang'ana ngati sanachionepo. Anafunsa, mosasamala kwenikweni, kuti tebulo la Johnlo likabwera mlaliki azidzagogoda pati. Mpundu anati pa tebulopo, nanga pena pati. Nsalu ya ba John pa tebulo la ba John, zidzakhala zokongola, ndipo amayi akonzeka kale ndi nthungululu. Za chitseko anthu adzaiwala msanga, ba Chisenga asade nkhawa, palibe adzawatchulenso. Atatero anavala chipewa nkutembenuka.

Sanapite patali. Chisenga anali atamugwira jekete kumbuyo.

"Ukupita kuti?"

"Kukatenga chitseko chanu, mukwai, kusanade."

"Chitseko cha yani?"

"Chanu. Mwakamba nokha."

"Iwe Mpundu, ulibe mantha? Chinthu chopemphereredwa ukufuna ukachizule ndi manja ako akudawo, ukachikhome pa nyumba ya khonsolo?"

"Nanga kapitao, Lolemba?"

"Ukakhudze gome la Ambuye uone chimene ndikuchite. Pita ukatenge nyundo, miyendo yake ndi iyi."

Lolemba kapitao anapeza chiguduli chokhomedwa pa khoma, pakhomo popanda chitseko ndi mphuthu zomwe. Nyumba anaipereka kwa kalaliki wina wa ku njanji, ndipo Chisenga anakagona m'khitchini mwa mlamu wake ku Matero. Chitseko chikadali m'tchalitchi. Mpundu sanapepesepo.