Mpunga Wopita ku Likoma

Aulutsi, werengani nkhaniyi momwe ndalembera. Ndine mkulu wa ku Liwaladzi, ndipo sindinanamizepo munthu.

Mwana wanga amagwira ntchito ku Lilongwe. Atabwera kutchuthi anati, "Ababa, Loweruka tiuluka ndi anzanga. Titera ku Likoma, kenako ku Chizumulu."

Sindinamufunse zambiri. Kwathu munthu sapita chimanjamanja komwe kuli m'bale. Ndinasoka thumba la mpunga, n'kuimbira mlongo wanga wa ku Likoma kuti akamuchingamire kubwalo la ndege. Anapha nkhuku, n'kukakhala kumeneko kuyambira m'mawa.

Masana ndinamupeza mwanayo ali pakhonde, zomvera zili m'makutu, akulankhula Chingerezi ndi kompyuta.

"Iwe, ndege yakusiya?"

"Ayi, Ababa, ndikuyendetsa ndine. Tatera kale. Onani, iyi ndi ndege ya mnzanga wa ku Brazil."

Ndinayang'ana. Chilumba chinalipodi, ndi poterapo pomwe.

"Nanga azakhali ako ali pati?"

Anaseka, koma ataona nkhope yanga analeka. Akuti ndi masewera a pa intaneti. Anthu a m'maiko osiyanasiyana amapangana tsiku, n'kumaulukira limodzi chilumba ndi chilumba, aliyense atakhala kwawo.

Mpaka lero sindikumvetsa. Ndi ulendo wanji umene munthu amafika koma osaonedwa?

Mlongo wanga akuuza anthu kuti ndakalamba, ndayamba kubwebweta. Mwanayo ndamuuza kamodzi. Sabata ino akwera sitima, thumba lili paphewa, akatere ku Likoma komwe kuli azakhali ake.