Tsekani Mawindo, a Monimoni

A Monimoni, bambo amene sangadutse munthu pamsewu osamufunsa za ana ndi nkhuku zomwe, analowetsanso galimoto yawo yokalamba m'galaja. Akazi awo anali atanenetsa kuti eyakoni ikapanda kuziziritsa, ku ukwati wa mwana wawo mawa adzapita pa basi, anthu onse akuona.

"Gasi wanu uja watha," anatero a Monimoni, akumenya boneti.

Makaniko, munthu wosadziwa nthabwala, analumikiza mapaipi ake n'kuyang'ana geji. "Sanathe. Ali pomwe ndinamusiya dzana."

"Nanga thukutali ndi la ndani?"

"Ndi lanu, bambo."

"Ndikuti m'katimu ndi ng'anjo, achimwene."

Makaniko anasuzumira. "Moto mulibe. Koma mawindo onse ndi otsekula."

"Eya. Nanga moni ndiziperekera pati?"

"Eyakoni iyi tinachita kuikamo, galimotoyi sinabwere nayo. Mphamvu yake ndi ya m'kati mokha. Mukatsekula mawindo, mukuziziritsa msewu."

"Ndiye thirani wokwanira ndi msewuwo."

Makaniko anatuluka panja, n'kuyang'ana msewu uku ndi uku mofatsa, kenako n'kubwerera. "Botolo langa silikwana. Komanso ndikaonjezera, kompuresa iphulika."

"Kompuresa imeneyi yaona zambiri. Thirani."

"Tsekani mawindo."

"Aa, mukufuna anthu azinena kuti ndayamba matama? Tsiku lina ndinatseka limodzi lokha, wogulitsa makala mpaka lero amandiyang'ana cham'mbali."

"Muzimukwezera dzanja."

"Dzanja limafunsa za odwala?"

Makaniko anayang'anitsitsa dzanja lake lamafuta. "Ayi, silifunsa."

"Mwaonatu. Thirani gasi."

"Gasi alimo."

A Monimoni mtima unawapweteka zedi. Koma ataganiza za akazi awo akutsika basi pamaso pa abale a mkwati, nsalu yatsopano ili makwinya okhaokha, manyazi anawagwira. Paja amati wamva m'mimba ndiye amatsekula chitseko. Iwo anayenera kutseka. Analowa m'galimoto, makaniko n'kukhala pambali pawo, ndipo anayamba kupukusa zogwirira za mawindo, zikulira ngati ngolo yosowa girizi.

Analiza injini. Posakhalitsa kamphepo kozizira kanawasisita m'khosi, thukuta n'kuyamba kuuma.

"Ee, koma ndiye kwazizira bwino," anatero akumwetulira. Kenako anatchera khutu. "Nanga bwanji muli zii chonchi?"

"Phokoso latsala panja. Mawa amayi akamalankhula, ngakhale monong'ona, mudzamva mawu aliwonse kuyambira pageti mpaka kofika."

Kumwetulira kuja kunazima. Zaka zonsezi, pa ulendo uliwonse, mphepo ya pawindo ndi imene inkameza nkhani ya denga lodontha, ya mlamu wawo wosafuna ntchito, ndi ya suti yakale imene anakana kutaya. Iwo ankangogwedeza mutu uku akupereka moni kwa anthu.

"Aliwonse?"

"Aliwonse, bambo. Ndipo njira ya mawa mwati ndi yaitali."

A Monimoni anazimitsa injini n'kumugwira makaniko paphewa.

"Achimwene, tulutsani gasiyo. Kubasi ndikawaperekeza ndekha."