Nyumba ya Amayi Oyembekezera

Zaka zimenezo, pamene chipani chinali chimodzi ndipo mkazi sankayerekeza kuvala buluku pamsewu, ine ndinali mtsikana wa ku Mwenilondo wolakalaka diresi loyera la unamwino. Ana inu mukundifunsa za maphunziro oyendetsa chipatala amene mwawaona pa mafoni anuwo, ndiye khalani pansi mumve mmene ndinalowera ntchito imeneyi.

Ananditenga pa chipatala china cha mishoni konkuno ku Karonga kuti ndizithandiza muwodi ndisanapite kusukulu ya unamwino. Koma tsiku limene anabweretsa msodzi wa ku Ngara atang'ambika mwendo, ine nditangoona magazi m'maso munada, ndipo ndinatsitsimuka ndili pansi anthu akundikupiza, msodzi wovulalayo akufunsa ngati ndili bwino. Musaseke, zinachitikanso kachiwiri. Ndinalira kwambiri poganiza kuti basi ndibwerera kukalima mpunga.

Amatironi athu, mayi Nachisale ochokera ku Ntcheu, anandiitana nandifunsa ngati ndikudziwa amene amaonetsetsa kuti madzi akutuluka pampopi, nkhuni zafika kukhitchini, ambulansi ili ndi mafuta, ochapa ndi alonda abwera kuntchito. Ndinati sindikudziwa.

"Munthu ameneyo tikumusowa pano, mwanangu," anatero. "Iwe pakamwa uli napo, ndipo anthu amakumvera. Magazi tisiyire ife."

Anandilankhulira kwa akuluakulu a mishoni, ndipo ndinatumizidwa kummwera kukaphunzira kuyang'anira antchito, kusunga mankhwala ndi katundu, malamulo a boma ndi zina zotero. Lero inu muli ndi madigiri ake ndi makompyuta, koma ife tinali ndi taipulaita yolimba ngati khasu, ndipo m'kalasi monse mkazi ndinali ndekha.

Nditabwerera, vuto loyamba ndinalipeza pansi pa mtengo wa mango kuseri kwa wodi. Amayi oyembekezera ochokera kutali, ku Uraha ndi kumapiri, ankabwera masiku awo akayandikira n'kumagona pamenepo, poti nyumba yodikirira kunalibe. Mvula ikayamba ankanyowa usiku wonse, udzudzu osanena, ndipo ambiri ankangomanga katundu wawo kubwerera kwawo kukachirira kumudzi. Ena mwa obwererawo sitinawaonenso. Amatironi ankati akamva nkhani zoterezi chakudya sichilowa.

Titaganiza zowamangira nyumba, mishoni inati malata ikhoza kupeza, koma njerwa tizione tokha. Tsono kuti muumbe njerwa mumafunika anthu, ndipo masiku amenewo simukanangosonkhanitsa anthu mmene mumachitira lero pa mafoni. Msonkhano wopanda chilolezo cha apampando a chipani ukanakutengerani kumene simukufuna. Anzanga anandichenjeza kuti mtsikana ngati ine ndingozisiya.

Ndinavala chitenje changa chabwino, khadi la chipani m'chikwama, ndi kupita kwa apampando a dera lathu, bambo Mwakikunga. Anali munthu wamtali, wokonda kulankhula kuposa kumva. Ndinagwada, ndinawapatsa moni m'Chinkhonde, ndipo sindinawapemphe kanthu. Ndinangowafotokozera za amayi aja n'kunena kuti ine ndine mwana, nzeru zandithera, mwina iwo monga bambo angandiuze chochita. Nditamaliza, iwo anati:

"Bwanji osamanga nyumba? Anthu ndili nawo. Inu a kuchipatala simuganiza?"

Ine ndinawomba m'manja n'kunena kuti maganizo amenewo ndi anzeru zedi. Nditakawauza amatironi anaseka mpaka misozi, ndipo anati zimenezi kusukulu sanandiphunzitse.

Ana inu, ntchito imene ija sindidzaiiwala. Anabwera amayi a mvano a mipingo yosiyanasiyana, asodzi atasiya maukonde, aphunzitsi ochokera kuchigawo chapakati amene Chinkhonde ankangodziwa moni wokha. Ena ankaponda dothi, ena kutunga madzi, ndipo nyimbo inkayamba m'Chitumbuka n'kukathera m'Chichewa. Alimi anabweretsa mpunga ndi nthochi zophikira ogwira ntchito. Ntchito yanga inali kudziwa kuti mawa kubwera mudzi uti, zikombole zili kwa yani, mmisiri wadya kapena ayi, ndi kuyanjanitsa amene akangana. Mvula yoyamba inatiwonongera njerwa zosawotcha, ndipo anthu anagwa mphwayi, koma amayi oyembekezera eni akewo anadzuka m'mawa n'kuyamba kutola zimene zinatsala, mimba zili kutsogolo. Abambo ataona zimenezo anachita manyazi n'kubwerera kudothi.

Tsiku lotsegulira nyumbayo kunadzaza anthu. Bambo Mwakikunga anaimirira atavala jekete dzuwa lili pamutu, nayamba kufotokoza mmene maganizo a nyumbayi anawabwerera. Ali mkati molankhula, mayi wina wa ku Uraha amene anakhala kutsogolo anagwira dzanja langa mwamphamvu n'kundinong'oneza kuti nthawi yakwana. Ndinakodola amatironi, tinamudzutsa mayiyo, ndipo amayi onse, ngakhale amene anabwera kudzavina, ananyamuka kutiperekeza mpaka pakhomo la wodi. Apampando anatsala ndi abambo okhaokha, koma sanasiye kulankhula.

Ine ndinaima panja, monga mukudziwa kale chifukwa chake. Posakhalitsa tinamva kulira kwa khanda, nthungululu zinabuka, ndipo apampando kumene anali anaganiza kuti nthungululuzo n'zawo, mpaka anavula chipewa kuthokoza. Mwanayo anali wamkazi, anamutcha Lusekelo. Agogo ake anandigwira manja onse awiri akuthokoza m'Chinkhonde kuti "ndaga, ndaga," ngati kuti ndamubadwitsa ndine, chonsecho sindinamukhudze n'komwe. Madzulo ake amayi anayala mphasa zawo m'nyumba yatsopano, ndipo mvula itagwa sabata yotsatira ndinawamva akuseka phokoso la malata.

Ndinagwira ntchito imeneyi mpaka tsitsi linachita imvi. Lero zipatala zakula, makina achuluka, ndipo inu mudzaphunzira zambiri zimene ine sindinazimvepo. Pitani mukaphunzire, ndi ntchito yabwino ndipo imakoma. Koma mukadzapatsidwa ofesi musadzakhalitsemo. M'mawa uliwonse muzidzazungulira kuseri kwa mawodi, kochapira, kukhitchini, kumene odikirira odwala amagona, muzidzawapatsa moni anthu m'chilankhulo chawo ndi kuwafunsa mmene agonera. Akakuyankhani, musadzafulumire kuchoka.