Kapu Yobiriwira Imene Anzanga Ankaiopa

Moni abale ndi alongo mwa Ambuye. Ndine Lameki wa kwa Nthache, ndipo lero ndikuuzani za khunyu, matenda amene anatsala pang'ono kundilanda ntchito ya manja anga.

Nditapeza malo pa koleji ya ntchito zamanja kuti ndiphunzire ukalipentala, matendawa ndinawabisa. Kwathu anali atandizungulitsa kale kwa asing'anga, mphini mbwee m'mutumu, koma osasintha. Pa kolejipo panali kachipinda ka alangizi a ophunzira, Mayi Kambalame. Ine ndi matama angawa ndinkati kumeneko n'kwa osuta chamba ndi opereka mimba, moti ndikamadutsa pakhomo pawo ndinkayang'ana kumbali. Paja safunsa anadya phula.

Tsiku lina m'mawa tikupala matabwa, ndinagwa. Nditatsitsimuka ndinapezeka ndili ndekha pa utuchi, thovu kukamwa, anzanga onse ali panja akusuzumira pawindo. Mukudziwa kuti kwathu kuno anthu amati ukakhudza malovu a munthu wakhunyu ndiye kuti watenga. M'shopu yathu yophunziriramo ukalipentala munali ndowa yamadzi ndi kapu imodzi yobiriwira imene tonse tinkamwera. M'mawa mwake ndinapeza agula ina, yakale ija ataimanga kachingwe n'kuikoleka pamsomali pa benchi yanga. Palibe anandinyoza, koma kapu ija inandipweteka kuposa kugwako.

Ndinalongedza n'kubwerera kumudzi kukathandiza amalume kuotcha makala. Sindibisa, ndinamukwiyira Mulungu. Pemphero langa linali limodzi, lamwanonso: "Ambuye, munandipatsiranji manja ngati simufuna ndiwagwiritse ntchito?"

Patatha masabata atatu, ndili kung'anjo yamakala, ndinaona mayi akutsika pa kabaza, nsapato zili m'manja chifukwa cha matope. Anali Mayi Kambalame, omwe aja ndinkawazemba.

"A Lameki, mwasiya tebulo la miyendo itatu m'shopu muja. Mukufuna alimalize ndani?"

Anakhala pachitsa n'kundimvetsera ndikulira ngati mwana, osandidula mawu. Kenaka anandifotokozera kuti khunyu si ufiti, sapatsirana, ndipo mankhwala ake alipo. Anandidzudzulanso kuti munthu woti amagwa sayenera kumasewera pafupi ndi ng'anjo yamakala. Anandiperekeza okha kuchipatala cha pa Boma kumene ndinayamba kulandira mapiritsi, ndipo anagwirizana ndi aphunzitsi kuti ndisamagwire makina ndili ndekha.

Tsiku lobwerera m'shopu linakwana. Kapu ija inali pomwe paja, itachita fumbi. Mayi Kambalame anaichotsa pamsomali, kuitsuka, kutunga madzi n'kundipatsa. Nditamwako anailandira n'kugugudiza otsalawo, mbali yomweyo imene ndinaika milomo yanga.

"Mundiyang'anire mwezi wonse uno," anawauza anzanga aja. "Ndikagwa mudzandiuze."

Ndiye anabwera Joakimu, mnzanga wa kumalire uko, yemwe ndinadziwa pambuyo pake kuti ndi amene anamanga kachingwe kaja. Anatunga madzi ndi kapu yomweyo n'kumwa.

"Pepani achimwene, tinachita mantha basi," anatero.

Tsiku lomwelo mayiwa anaphunzitsa kalasi yonse kuti ndikagwa azichotsa zida pafupi, kundigoneka cham'mbali, osandiika supuni m'kamwa. Lachisanu lililonse ndinkapita kukachipinda kaja kukatula zakukhosi, ndipo ndinkagogoda aliyense akuona. Tebulo lija ndinaliika mwendo wachinayi, maphunziro ndinamaliza, satifiketi ndili nayo. Aleluya!

Lero ndili ndi shopu yangayanga pa Boma, ndimakhoma zitseko, mabedi ndi madesiki. Mapiritsi ndikumwabe ndipo papita nthawi yaitali ndisanagwe. Ndikuthokoza Yehova amene anayankha ngakhale pemphero lamwano, potumiza mtumiki wake wopanda nsapato kung'anjo yamakala.

Iwe wophunzira amene ukubisa chinthu mumtima, kaya ndi matenda kaya mavuto akunyumba, usathawe sukulu monga ndinachitira ine. Pemphera, ukatero pita ukagogode pakhomo pa alangizi. Ndipo mukadzafika pa shopu yanga muli ndi ludzu, ndowa ili pakhomo. Kapu yobiriwira ija ndinaipempha, ndipo makasitomala anga onse amamwera yomweyo. Ameni.