Senyo, Chotsa Dengalo

Efo Agbenyega, katswiri wojambula mapulani a nyumba m'tauni ya Ho, anali ndi antchito awiri a dzina limodzi: Senyo wa pakompyuta ku ofesi, ndi Senyo womanga, amene ankamalizitsa nyumba yodyeramo ya Daavi Sefakor yoti itsegulidwe Loweruka. Atagula foni yatsopano, Efo anasemphanitsa manambala a awiriwa, ndiye tsiku lomwe lole inagona pamsewu wochokera ku Accra n'kuwatsekereza pakati pa mahutala, iwo anati aimbire wa pakompyuta kuti akonze pulani, koma inalira ndi foni ya womanga.

Senyo anapukutira simenti pa thalauzi n'kuima njo, ngati Efo akumuona.

"Efo, mwaswera bwa..."

"Za moni tisiye. Uli mu ofesi?"

Senyo anayang'ana kachisakasa kosungiramo simenti, kamene anyamata ake ankakatcha ofesi. Anathamanga n'kukaima m'katimo.

"Tsopano ndilimo, Efo."

"Tsegula nyumba ya Daavi Sefakor."

Anatulukanso liwiro, nakankha chitseko cha nyumbayo.

"Ndatsegula."

"Ikuoneka yonse?"

"Yonse, Efo. Kukongola kwake! Daavi dzulo mpaka anagwetsa misozi."

"Analira zoona, mizere yake ndi yonyansa. A khonsolo akaiona chonchi atiseka. Tiyambe ndi denga. Likutchinga. Lichotse."

Senyo anakweza maso. Malata obiriwira, okhomedwa sabata yatha, anali kunyezimira bwinobwino.

"Denga, Efo?"

"Kodi ndati chitseko?"

"Ayi, mwati denga. Kungoti mitambo kuno..."

"Mitambo ndi ntchito yako zikukumana pati? Ndikufuna zipinda zizioneka kuchokera pamwamba. Kungodina kamodzi, lachoka."

"Kamodzi sizingatheke, Efo. Misomali ndi yambiri."

"Misomali unaikiranji? Sindinakuuze kuti tizinthu ting'onoting'ono timalemetsa makina?"

Senyo anacheukira makina osakaniza simenti. Sanaoneke olemedwa. Koma chaka chatha Senyo anasuntha zenera la nyumba ina kuti lisayang'anizane ndi chimbudzi, ndipo Efo analumbira pamaso pa anyamata onse kuti akadzangoganizanso yekha, ntchito yatha. Kuyambira pamenepo mkazi wake ankati akamamupatsira chakudya cha kuntchito, amukumbutse kuti mutu ausiye pakhomo.

Anaphimba foni ndi dzanja.

"Kodzo! Mensa! Kwerani, zulani malata!"

Anyamatawo anangoti kukamwa yasaa.

"Efo anena!"

Anakwera. Foni inaduka, monga imachitira pamsewu umenewo, ndipo pamene inkaliranso, malata anali ataunjikidwa pansi, dzuwa likuwomba mipando yatsopano ya Daavi.

"Lachoka?"

"Lachoka, Efo. Mukuwala m'kati muno!"

"Eyaa! Ndinkanena chiyani? Koma wachedwa nalo ngati umazula ndi manja."

"Ndi nyundo, Efo."

"Nthabwala uzikachita kwanu. Tsopano makoma akunja. Ndi owonda ngati udzudzu. Anenepetse."

"Anenepe bwanji?"

"Kawiri."

"Njerwa zatsala zochepa."

"Njerwa usazionetse! Ndani amaonetsa njerwa imodziimodzi? Ingowadetsa, akhale akuda bii!"

"Daavi anasankha mtundu wachikasu, Efo. Anati umafanana ndi mafuta a kanjedza akapsa."

"Daavi amadziwa kutakasa nsima ya akple ndi kuphika therere. Ine ndimakalowerera m'mapoto mwake?"

"Simulowerera."

"Ndiye kuda!"

"Wakuda tilibe, koma phula lilipo."

"Kaya analitcha phula, kaya makala, kaya usiku, mayina a mitundu amangopeka azunguwo. Sankha wakuda basi."

Senyo analoza mgolo wa phula, nalozanso khoma lakumaso. Mensa anatsika, natenga burashi, nayamba kupaka kwinaku akupukusa mutu ngati ali pamaliro.

"Layamba kuda, Efo. Koma fungo lake!"

"Fungo ndi la nsapato zako, ndinakuuza kalekale. Pita ku khoma la kukhitchini, lija lolekanitsa ophika ndi odya. Limene lija likhale lodukizadukiza."

"Kudukiza kwake kotani?"

"Kakhoma, mpata, kakhoma, mpata. Sukulu unkapita kukaba mango?"

"Mipatayo ikule bwanji?"

"Yoti munthu aione ali patali."

"Yoti n'kudutsapo?"

"Adutsepo ndani? Iwe, nditsike m'galimoto muno ndibwere wapansi?"

Senyo anaika foni pa njerwa, nalavulira m'manja, natola nyundo yaikulu. Khomalo analimanga yekha, ndipo linali lowongoka ngati nsungwi. Analisisita kaye, n'kulipepesa chamumtima.

Gu! Gu! Gu!

"Senyo! Chikugunda n'chiyani?"

"Ndikudukiza, Efo!"

"Umadina ngati ukupha njoka? Chala chimodzi chikwanira!"

Senyo anayesa chala chimodzi. Khoma silinamve.

"Chala chakana, Efo."

"Ndiye kanikiza, koma mwaulemu!"

Anapitiriza kugumula, koma mwaulemu, akunena "pepani" njerwa iliyonse ikagwa. Atamaliza anaima chapatali. Khomalo linali ngati m'kamwa mwa nkhalamba.

"Zatheka. Kakhoma, mpata, kakhoma, mpata."

"Waona? Ukasiya mwano umagwira ntchito. Chatsala n'chochepa. Ichepetse."

"Chiyani, Efo?"

"Nyumbayo! Yonse ikwane papepala limodzi."

Senyo anakhala pansi pa chidebe. Anayang'ana nyumba kuyambira kukhonde mpaka kuseri kosungira nkhuni. Anayang'ananso thumba la simenti lopanda kanthu, lomwe linali pepala lalikulu kuposa onse pamalopo.

"Efo, pepala lake ndi lalikulu bwanji?"

"Lomwe lija la masiku onse! Loti ndipinde, ndiike m'chikwama, ndikapereke kukhonsolo."

"Muipinde?"

"Panayi."

"Ndi mipando yomwe?"

"Mipando ikhale momwemo, a khonsolo amafuna kuona pokhala anthu."

"Nanga anthuwo akhalamo bwanji ikachepa?"

"Nawonso achepetse!"

"Ndi Daavi yemwe?"

"Daavi unamuikamo?"

"Amabwera yekha, Efo. Tsiku lililonse."

"Mufufute! Akufunamo chiyani? Pulani ya khonsolo si chithunzi cha ukwati!"

Senyo anaganizira Daavi Sefakor, mayi amene ankanyamula mphika wa msuzi wa anthu a maliro onse ndi dzanja limodzi, linalo akukalipira nalo.

"Kufufuta Daavi ndiye ndikupempha mubwere nokha, Efo."

"Mantha ngati nkhuku! Chabwino, msiye. Iwe gwira ngodya imodzi ya nyumbayo, ukokere m'kati."

Senyo anadzuka, nakumbatira ngodya ya khonde, nakoka. Anaitana Kodzo, nakoka awiri. Phula la pakhoma linawamata m'masaya.

"Ikukana, Efo. Maziko tinazamitsa."

"Ndiye kuti unaikhoma loko! Masula!"

"Loko ili pachitseko, ndipo ndi yotsegula."

Nthawi yomweyo mbuzi ya kwa aneba inalowa m'khitchini, n'kuima pakati pa matumba a ufa a Daavi.

"Meee!"

"Chimenecho n'chiyani?"

"Mbuzi, Efo."

"Mbuzi ikutani mmenemo?"

"Yalowera pampata. Uja wachiwiri."

"Anyamata inu ndi timasewero tanu ta pamakina! Ndimakulipirira kuweta mbuzi? Ichotse!"

"Ndaichotsa. Yalowera wachitatu."

Kumwamba kunagunda. Dontho lalikulu linagwera Senyo pamphuno, lina pathebulo, kenako mvula inangoti khuthu, ngati wina wagudubuza mgolo. Matumba a ufa anayamba kuda, nsalu za pamatebulo zinamata, mbuzi inabisala pansi pa kauntala.

"Efo! Mvula! Zonse zikunyowa!"

"Tseka mazenera, chitsiru iwe!"

"Onse ndi otseka! Ikulowera pamwamba!"

"Pamwamba pali chiyani?"

"Palibe kanthu, Efo! Munati likutchinga!"

"Iwe wasokoneza penapake. Ndikudziwa, wadina zosadina. Usakhudzenso chilichonse. Bwerera m'mbuyo."

Senyo anaponda m'mbuyo.

"Ndabwerera."

"Chasintha chiyani?"

"Nyumba yatalikira pang'ono."

"Bwereranso!"

"Ndabwereranso."

"Denga labwerera?"

"Likadali pansi."

"Uzingobwerera mpaka libwere! Usaime!"

Senyo anapitiriza, foni ili kukhutu, mvula ikumumenya m'maso. Anatuluka pakhomo chafutambuyo, nadutsa pamulu wa mchenga, napitirira wilibala. Kuseri kwa wilibala kunali dzenje lopondera matope.

Phava!

"Senyo? Senyo!"

"Ndili pano, Efo. Kubwerera kwathera pomwe pano."

"Pati?"

"M'dzenje la matope. Afika m'chiuno."

Pafoni panangomveka mahutala. Senyo anadikira, dzanja lili m'mwamba kuti foni isanyowe. Mawu a Efo atabwerera anali aang'ono, ngati a munthu wofunsa za wodwala.

"Matope... mu ofesi?"

"Ofesi ili apo, Efo. Kumeneko simenti ili bwino, sinanyowe."

"Kodi ndikuyankhula ndi Senyo uti?"

"Mwana wa a Dzokoto. Womanga."

"Mayo ine! Ndiye dengalo..."

"Lili pansi, tinaliunjika bwino."

"Makoma?"

"Lakumaso ndi lakuda bii. Enawo phula linatha."

"La kukhitchini?"

"Kakhoma, mpata, kakho..."

"Khala chete! Bwanji osandiuza kuti ndiwe?"

"Munanditchula dzina, Efo. Ndinavomera."

"Munthu akakuuza kuti chotsa denga mvula ikubwera, sufunsa?"

"Ndinafunsa. Munati kodi mwati chitseko."

Efo anapuma mwamphamvu kangapo. Senyo anamva chitseko cha galimoto chikutsegulidwa, n'kumenyetsedwanso. Kenako mawu aja anayamba kubwerera m'malo mwake, chifukwa Efo Agbenyega sanali munthu wogonja pamaso pa wantchito.

"Tamvera. Palibe chalakwika. Ndimafuna ndione ngati umamvera, ndipo wakhoza."

"Zikomo, Efo."

"Ukhome malata msanga Daavi asanafike. Khomalo timanganso. Mwayi wake, pulani yeniyeni ili bwinobwino mukompyuta, palibe waikhudza. Ndimuimbira Senyo mnzako aisindikize, mawa uyambire pamenepo."

"Mumupeza, Efo. Kungoti ali ndi funso, amaopa kukufunsani."

"Funso lanji?"

"Anandiimbira m'mawa. Akuti munamulamula kuti makoma a Daavi awathire madzi mpaka akhute, kuti asang'ambike."

"Zimene zija ndinauza iwe!"

"Ayi, Efo, ine simunandiimbire. Iye anadabwa, koma ndinamulangiza kuti Efo akanena, anena."

"Ndiye... anatani?"

Senyo anatulutsa mwendo umodzi m'matope, nsapato n'kutsalira momwemo.

"Akuti atathira ndowa yoyamba pakompyuta, makoma anangothima. Yachiwiri ayamba kufuka utsi. Ndiye akufunsa kuti, akhuta, kapena awonjezere?"