Dzina Lofufutidwa pa Maenvulopu

Malemu tawagoneka patsogolo pathuwa anabadwa pa 9 Malichi 1968, achitatu m'banja la ana asanu. Ine ndaima pano ndine mlongo wawo wamkulu, ndipo banja landituma kuti ndinene mbiri yawo monga inalili.

Anayamba sukulu mu 1974. Anzawo akamasewera, iwo ankakhala kuseri kwa kalasi, kumapala ndi chikhadabo ndere zouma zija zimamera pa njerwa ndi pa makungwa a mitengo. Anzawowo anawatcha Nandere powaseka, koma eni ake ankavomera.

Mu 1991 anamaliza maphunziro a zomera ku yunivesite, ndipo analembedwa ntchito pomwepo, m'chipinda chapansi chosungiramo zomera zouma. Ena mwa inu munalowamo. Munalibe zenera, munali makabati achitsulo okhaokha ndi fungo la mankhwala a njenjete. Ntchito yawo inali kuyanika ndere, kuziika m'maenvulopu ndi kulembapo dzina la mtundu wake.

Mu 1993 anapeza pa thanthwe lina ndere yachikasu, yakuda m'mbali, yomwe sinali m'buku lililonse. Anapita nayo kwa mphunzitsi wina wachinyamata, amene lero ndi apulofesa, alamu athu akhala pampando wofewa apowa. Alamu anailemba kuti ndi mtundu watsopano, naipatsa dzina la alongo anga m'Chilatini. Atabwera kwathu anatiuza kuti, “Ena amagulira mkazi wotchi. Ine ndamupatsa dzina losafa.” Tinaomba m'manja, ine woyamba. Ukwati unachitika pa 14 Ogasiti 1994, ndipo Mulungu anawapatsa ana awiri, wamkazi ndi wamwamuna.

Mu 2009 kuntchito kunabwera makina oyeza majini, zija timamva kuti DNA. Mayi athu atamva kuti mwana wawo wayamba kugwira ntchito ndi majini, anaitanitsa abusa. Malemu anaseka mpaka misozi, kenako anatifotokozera kuti amasinja kandere pang'ono, n'kuthira m'kabotolo, makinawo n'kuwerenga chibadwa chake. Ndere ziwiri zimatha kufanana ngati mapasa koma osakhala pachibale, ndipo zina zimasiyana maonekedwe chikhalirecho ndi mtundu umodzi.

Makinawo anaikidwa m'chipinda chapamwamba, m'manja mwa alamu. Anawapatsanso wowathandiza, mtsikana wina amene sindikumuona pano, ndipo wachita bwino. M'makabati aja munali ndere zikwizikwi zodikira kuyezedwa. Awiriwa anasankha kuyamba ndi yachikasu ija.

Mu Juni 2012 kunali msonkhano wa akatswiri. Alamu anauza akazi awo kuti abwere, akhale kutsogolo. Malemu anasoketsa diresi, osadziwa kanthu. Pamenepo, mtsikana uja akusintha zithunzi pakhoma, alamu analengeza kuti ndere ija si mtundu watsopano ayi. Ndi yomwe ija imamera pakhoma la chimbudzi chilichonse, kungoti dzuwa la pathanthwe linaisintha khungu. Anati dzinalo alichotsa. Kenako anawonjezera kuti, “Paunyamata munthu amaona zinthu zomwe palibe.” Holo yonse inaseka. Ena mwa amene munaseka muli pano, ndipo takulandirani.

Dzina likachotsedwa, pamafunika wina wokonza maenvulopu. Ntchitoyo inali ya malemu, ndipo wowalamula anali mkulu wa gawo lawo, amuna awo omwewo. Malemu anakhala m'chipinda chapansi chija kufufuta dzina lawo ndi dzanja lawo, envulopu ndi envulopu. Loweruka lina anapempha makinawo, nayeza okha ndere ija, poganiza kuti mwina panali chinyengo. Atamaliza anabwera kwanga. Anangoti, “Achimwene, sananame. Ndi yomweyo.” Ndinkafuna kukaswa munthu mutu, koma iwo anandigwira dzanja, nati tikamuimba mlandu wanji munthu wonena zoona?

Chaka chomwecho alamu anatuta zovala zawo, nakakhala ndi wowathandiza uja. Ukwati sanauthetse. Malemu sanasiye ntchito. Ankasinjabe ndere, kuzithira m'timabotolo, n'kumakweza pamwamba kuti awiriwo akayeze. Ankamva mapazi awo pamutu pawo tsiku lonse.

Mu 2023 anayamba kutsokomola. Madokotala anapeza kuti mapapu awonongeka. Anagonekedwa m'chipatala kumayambiriro kwa Januwale 2025. Alamu anabwera kamodzi. Anaima kumiyendo kwa bedi, osakhala pansi, nafunsa kiyi wa kabati yaikulu. Malemu anamutulutsa m'chikwama, nawalangiza kuti loko wake ndi wovuta, azimukankha kaye asanapotokole. Alamu anati abweranso Lachinayi.

Kuyambira pamenepo, Lachinayi lililonse malemu ankauza mwana wawo wamkazi kuti awapese tsitsi ndi kuwakhazika tsonga. Pa 6 Febuluwale, Lachinayi masana, ndinali nawo ndekha. Anamva mapazi pakhomo, natsegula maso.

“Achimwene, ndi iwo?”

Ndinati ayi, ndi mayi wokolopa.

“Auzeni alowe,” anatero. “Nawonso ndi munthu.”

Mayiwo anatsamiritsa chokolopera chawo kukhoma, napukuta manja, nagwira dzanja la alongo anga. Sanalisiye mpaka mpweya unatha.

Malemu asiya mayi athu okalamba, ana awiri, mdzukulu mmodzi, ndi ife abale awo anayi. Malinga ndi chikalata cha ukwati, asiyanso amuna awo.

Banja likuthokoza anamwino ndi madokotala, anansi amene ankatibweretsera madzi otentha, ndi anzawo akuntchito amene anatumiza nkhata. Koposa onse tikuthokoza mayi okolopa aja. Apempha tchuthi lero kuti adzaperekeze munthu amene sankamudziwa, ndipo aima kumbuyo uko chifukwa mipando yatha. Alamu, muwapatseko wanuwo.

Mzimu wa alongo anga uuse mumtendere.